PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA KUJAMBULA MAKOLO OKALAMBA

Abale a ku Lungwena ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, masiku ano mwana aliyense wokhala ndi foni akhoza kujambula. Koma kawirikawiri akaloza foniyo kwa amake kapena atate wake, iwo abisa nkhope nati, "Leka, mwanawe, ndatha ine." Tsono tiyeni tilingalire bwino za chinthu chimenechi.

1. Kumene luso ili lidachokera

Kujambula ndi makina kudalengezedwa ku France m'chaka cha 1839. Dr. John Kirk, amene adafika pa nyanja yathu ino pamodzi ndi Dr. Livingstone mu 1859, adali ndi makina otere pa ulendo wawo wa ku Zambezi. Pambuyo pake Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku wa ku mishoni ya Blantyre, adaphunzira lusoli, najambula John Chilembwe ndi banja lake chisanafike chaka cha 1915. Taonani, nkhope ya Chilembwe tiidziwa kufikira lero, koma nkhope za makolo athu ambiri a nthawi yomweyo zidalowa m'manda pamodzi ndi eni ake.

2. Chimene okalamba akanira

Munthu akalamba thupi, koma mumtima mwake adziona monga analili pamene ankapalasa bwato mpaka pakati pa nyanja, kapena kusenza mtsuko osaugwira. Chithunzi sichidziwa zimenezo. Chionetsa imvi, makwinya, mano oguluka ndi maso a ng'ala, ndipo mwini wake adabwa nati, "Kodi ndine amene?" Mu 2017, pamene boma lidalemba anthu a dziko lonse kuti alandire ziphaso za unzika, nkhalamba zidajambulidwa pa mzere, mofulumira, ndipo chithunzi cha chiphaso sichikometsa munthu.

Chilipo chifukwa china chowawa koposa. M'dziko muno nkhope yokalamba yasanduka chonenera ufiti. Mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa ku Neno atanenezedwa chomwecho, chinkana lamulo la 1911 liletsa kutchula munthu mfiti. Nkhalamba yomva zotere idzakondwera bwanji kuti nkhope yake iyendeyende m'mafoni a anthu osaidziwa?

3. Machitidwe oyenera

Choyamba, pemphani. Gwadani monga mwa mwambo, nimunene kuti, "Amayi, ndifuna kuti adzukulu anu adzakudziweni, kodi mundilola ndikujambuleni?" Akakana, lekani; mudzapemphenso tsiku lina. Kujambula kholo mobisa lili m'tulo, kapena lili pa mphasa ya matenda, ndiko kuba.

Chachiwiri, apatseni nthawi yakusamba ndi kudzola, asankhe okha chitenje, duku kapena chisoti chimene achikonda. Mayi wokhala ndi mphini, kapena chipini pamphuno, musamuuze kuti abise. Zimenezo ndizo zokometsera za utsikana wake.

Chachitatu, samalirani dzuwa. La pamutu lizamitsa maso ndi kukulitsa makwinya. Lofatsa ndi la m'mawa ndi la madzulo, kapena mthunzi wa mango. Kuno kwathu dzuwa lilowera kunyanja. Chifukwa chake madzulo kholo likhale loyang'ana kumadzi, pakuti likafulatira nyanja nkhope idzada bii.

Chachinayi, musaimirire pamwamba pawo, ndiponso musayandikizitse foni kumaso, popeza potero mphuno ikula ndi nkhope ipotoka. Khalani pansi, maso anu alingane ndi awo. M'manja mwao mukhale ukonde umene ausoka, nkhafi, lichero kapena mdzukulu. Afunseni za kale, ndipo pamene alikusimba, nkhope yawo yeniyeni idzaoneka.

Chachisanu, aonetseni chithunzicho iwo poyamba. Chimene sachifuna, fafanizani pamaso pawo, ndipo musatumize kwa wina aliyense iwo asanavomere.

4. Kusunga kwake

Foni igwa m'madzi, ibedwa, ifa. Kotero mukapita ku boma la Mangochi, tsukitsani chithunzi chimodzi pa pepala. Kumbuyo kwake lembani dzina la kholo, la amake, mudzi wawo ndi chaka. Chisungeni m'bokosi, kutali ndi chinyezi ndi chiswe, ndipo china mupatse eni ake.

Akale adati, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Makwinya aja adadza ndi dzuwa la kumunda, ndi mphepo ya mwera, ndi usiku umene iwo adachezera inu muli kudwala. Mwana wonena zimenezi kwa kholo lake asanalijambule walichotsera manyazi. Koma wozengereza adzafuna nkhopeyo tsiku limene sadzaipezanso.

Mafunso

1. Kodi okalamba akana kujambulidwa chifukwa ninji?
2. Kodi madzulo kholo likhale loyang'ana kuti, ndipo chifukwa chake nchiyani?
3. Tchulani zinthu zinayi zoyenera kulembedwa kumbuyo kwa chithunzi.