Akuti ndituluke m'nyumba mlandu usanathe

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 38, ndili ndi ana atatu. Ndakhala pabanja zaka 14 ndipo ukwati wathu unali wa chinkhoswe. Chaka chatha ndinatulukira kuti amuna anga ali ndi mkazi wina ndipo anabereka naye mwana. Ankhoswe anayesetsa koma zinakanika, moti panopa nkhani ili kukhoti la majisitireti.

Chandivuta ndi nyumba. Poloti anagula ndi iwo ndipo mapepala ali m'dzina lawo, koma njerwa ndinaumbitsa ndine. Malata ndi simenti yambiri zinachokera ku geni yanga ya kaunjika komanso ngongole za banki m'khonde. Tsopano akuti ndilongedze ndizipita kwathu ku Thyolo chifukwa ukwati unatha kale. Azilamu anga akabwera amandinena kuti ndikukakamira nyumba ya mchimwene wawo. Bambowa sanandimenyepo, koma sitilankhulana, ndipo ya ndiwo anasiya kupereka. Mwana wathu woyamba ali Sitandade 8. Mayi anga akuti ndibwerere kumudzi, ndisafere nyumba. Anzanga akuti ndikangotuluka ndiye kuti ndataya zonse. Ndimvere ndani?

Mayi wa ana atatu,
Machinjiri, Blantyre

Zikomo mwana wanga,

Pepani ndi zimene mukukumana nazo. Kugona denga limodzi ndi munthu amene sakukuyankhani ngakhale moni kumadwalitsa, ndipo sindikuchepetsa ululu umenewo. Koma musalongedze chifukwa choti wina wakuuzani kuti mulongedze.

Amuna anu akunama ponena kuti ukwati unatha kale. Nkhani ikafika kukhoti, wothetsa ukwati ndi khotilo, ndipo za nyumba agamulenso ndi khoti. Kufikira tsiku limenelo inu ndinu mkazi wapanyumbapo. Iwo alibe mphamvu zokutulutsani ndi pakamwa, azilamu anu ndiye alibiretu.

Dzina lili pa mapepala lisakufooketseni. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino limati ukwati ukatha mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo, komanso chithandizo choyenera. Lamulo la za maukwati la 2015 limauza khoti kuti pogawa katundu liziona zimene aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo monga kulera ana ndi kusamala banja. Inu munaposa pamenepo, munaikapo ndalama zenizeni. Chofunika tsopano ndi umboni, chifukwa khoti siligamula potengera misozi. Pitani kwa mlembi wa banki m'khonde yanu, buku lawo likuonetsa nthawi imene munatenga ngongole ndi kuchuluka kwake. Fufuzani malisiti a simenti ndi malata ngakhale atafufuma bwanji. Mmisiri amene anamanga nyumbayo akudziwa amene ankamulipira, anyamata amene anaumba njerwa nawonso akudziwa. Ngati munkalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, umenewonso ndi umboni. Zonsezi muzijambule pa foni ndipo mapepala enieniwo mukasungitse kwa munthu wodalirika, asagone m'nyumbamo.

Chinanso chofulumira: pemphani khoti liike chiletso kuti nyumbayo isagulitsidwe mlandu uli mkati. Malo ambiri m'makomboni mwathumu amasinthana manja ndi kalata ya amfumu basi, choncho kawadziwitseninso amfumu a dera lanu kuti nyumbayo ili pamlandu. Ngati mulibe ndalama za loya, ku Blantyre kuli ofesi ya Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa milandu. Pitani sabata ino.

Anzanu aja alondola theka lokha. Kutuluka m'nyumba sikufafaniza gawo lanu. Njerwa zimene munaumbitsa zidzakhalabe zanu ngakhale mutakhala ku Thyolo. Koma mantha awo ali ndi maziko. Mukachoka lero, mawa akhoza kulowamo mkazi winayo, katundu n'kuyamba kusowa mmodzimmodzi, inu n'kumakwera minibasi kuchokera kumudzi tsiku lililonse la mlandu ndi ndalama zimene mulibe. Geni yanu makasitomala ake ali m'tauni. Mwana wa Sitandade 8 kumusamutsa sukulu mayeso ali pafupi n'kumulakwira pa mlandu umene si wake. Pa zifukwa zimenezi ine ndikuti khalani kaye.

Mawu a mayi anu nawonso musawataye. Mwanditsimikizira kuti sanakumenyenipo, ndipo uphungu wanga waima pamenepo. Tsiku limene adzakuopsezeni, kukukwezerani dzanja, kukutsekerani kunja kapena kutaya katundu wanu pabwalo, zonse zimene ndanenazi zisinthe. Mutenge ana muchoke tsiku lomwelo, mukanene ku Victim Support Unit ya kupolisi. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso chokutetezani, ngakhalenso kulamula kuti wochita nkhanzayo ndiye atuluke, wozunzidwa atsale m'nyumba. Amayi ambiri sadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amathawa usiku ndi kachikwama kamodzi n'kusiya zonse. Lamulo lomwelo limawerengera kumana banja chithandizo mwadala ngati nkhanza. Choncho za ndalama ya ndiwoyo musadikire chigamulo chomaliza. Kauzeni khoti panopa kuti bambo anasiya kudyetsa ana ake. Kusiyana ndi inu sikuwachotsera udindo pa ana atatuwo.

Mwina mtima wanu udzafika potopa n'kusankha kuchoka nokha. Palibe amene angakuweruzeni, ine sindingatero. Koma muchoke masana, mwadongosolo. Muitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mulembe katundu yense wa m'nyumbamo iwo akuona, asayinire. Mudziwitse khoti kapena loya wanu chifukwa chimene mukuchokera ndi kumene mukupita, kuti mawa wina asadzaime n'kunena kuti munathawa banja n'kusiya ana. Makadi a kuchipatala, zikalata za kubadwa kwa ana ndi mapepala a sukulu zipite nanu. Mufunsenso ankhoswe anu funso ili: kodi bambowa anakumangirani nyumba kwanu? Pamwambo wa chikamwini umenewo ndi udindo wa mwamuna, ndipo makhoti athu amaulemekeza ukwati ukamatha. Munthu amene akukuuzani kuti muzipita kwanu ayambe wayankha kuti mukafikira m'nyumba iti.

Azilamu anu musalimbane nawo. Akalankhula, yankho likhale limodzi: nkhani ili kukhoti. Ana musawatume mauthenga kwa bambo awo ndipo musawanyoze bambowo anawo akumva, ngakhale zikuwawa chotani. Inuyo mupeze munthu mmodzi kapena awiri okhwima maganizo, kaya kumpingo kaya pachibale, oti muziwakhuthulira zakukhosi, chifukwa kusunga zonsezi nokha kudzakudwalitsani mlandu usanathe.

Mayi anu muwaimbire lero, muwauze kuti mwamva nkhawa yawo ndipo mukangoona choopsa mudzafika. Pakadali pano khalani m'nyumba yanuyo, sonkhanitsani umboni, ndipo mundilemberenso khoti likagamula.

Azakhali