Yankho kwa Aphunzitsi a ku Chikomeni

Zikomo aphunzitsi athu a ku Chikomeni chifukwa cha kalata yanu. Mwati bungwe lina linakusiyirani mabuku owerengeka chabe, ana akuunjikana pa buku limodzi mpaka masamba akuthothoka, ndiye mukufunsa ngati kuchita fotokope n'kulakwira lamulo.

Aphunzitsi, tsegulani tsamba la kuseri kwa chikuto. Mukapeza zilembo zoti CC BY, mtima m'malo. Chimenecho ndi chilolezo cha Creative Commons: kopani, sindikizani, masulirani m'Chinyanja kapena m'Chitumbuka, bola mutchule amene analilemba. Pakakhalanso NC, musagulitse kuti mupezepo phindu. Pakakhala ND, zomwe mwasintha kapena kumasulira musagawire ena. Koma mukaona ka C kozunguliridwa kali kokhakokha, pemphani kaye kwa eni ake.

Zaulere zilipo ndithu. African Storybook, ya bungwe la Saide ku Johannesburg, ili ndi nthano za ana m'Chinyanja pa intaneti. Nazonso zophunzitsira za ZEST, zomwe Open University ndi World Vision anakonza m'Zambia muno ndi ndalama za boma la Scotland kuyambira 2017, n'zotsegukira aliyense.

Ine pano maganizo anga ndi awa. Buku lolembedwa ndi ndalama za thandizo lalipiridwa kale, n'kulitsekerezanso bwanji? Ntchito ya bungwe ikatha, sukulu imatsala manjamanja. Mu 2019 mayiko a mu UNESCO, Zambia yomwe, anagwirizana zolimbikitsa zilolezo zotseguka ngati za Creative Commons.

Choncho a bungwelo akadzabweranso, inu ndi a komiti ya makolo muwafunse maso ndi maso kuti, kodi mabukuwa tingawachulukitse tokha? Akavomera, alembe papepala. Mudzatilemberenso zomwe adzayankhe.