MPHUTSI ZA MU UFA ZIMACHOKERA KUTI?

Anzanga, ufa ukakhalitsa m'thumba timapezamo timphutsi ndi tizikumbu tofiirira. Ambiri amati ufawo umabala wokha tizilomboti. Ine ndikuti ayi. Mphutsi iliyonse ili ndi mayi wake, ndipo mayiyo ndi kachikumbu kaja kamayendayenda mu ufa momwemo.

Tizikumbuti ndi ta banja limene akatswiri a sayansi amalitcha Tenebrionidae. Amene timaphunzira Chilatini tikudziwa kuti tenebrae ndi mdima, ndipo zoonadi timakonda kubisala mumdima. M'banjali muli mitundu yoposa 20,000. Mtundu wotchuka ndi Tenebrio molitor, dzina limene anaupatsa Carl Linnaeus m'chaka cha 1758. Mphutsi zake Azungu amazitcha mealworm. Tiyeni titsate moyo wa mtundu umenewu, umene uli ndi magawo anayi.

Choyamba ndi dzira. Chikumbu chachikazi chimaikira mazira pafupifupi 500 m'moyo wake, oyera ndiponso aang'ono kwambiri. Amaswa pakapita masiku 4 mpaka 19, malinga ndi kutentha kwa malowo.

Chachiwiri ndi mphutsi. Iyi ndi yachikasu, ya miyendo isanu ndi umodzi, ndipo ntchito yake ndi kudya basi. Popeza khungu lake ndi lolimba, imafundula ngati njoka kuti ikule, ka 9 mpaka ka 20, kufikira itatalika masentimita awiri ndi theka.

Chachitatu ndi pupa. Apa mphutsi ija imaleka kudya ndi kuyenda, imangogona ngati yakufa kwa sabata imodzi mpaka zitatu. Koma m'kati mwake mukumangika mapiko ndi thupi latsopano.

Chachinayi ndi chikumbu. Chimatuluka choyera ndi chofewa, kenaka chimafiira, pomaliza chimada bii. Posakhalitsa chimayamba kuikira, moyo n'kuyambiranso.

Ku Ulaya mphutsi zimenezi amaziweta dala kuti azidyetsa mbalame ndi nsomba. M'chaka cha 2021 bungwe la European Union linavomereza kuti anthunso azidya zouma, monga momwe ife timadyera mphalabungu ndi ngumbi.

Koma mu ufa wathu kunoko timapeza kwambiri mbale wake wamng'ono, Tribolium castaneum, wotalika mamilimita 3 kapena 4 okha. Tisamusokoneze ndi nankafumbwe amene amaboola chimanga chathunthu. Uyu amakonda ufa, madeya ndi chimanga chosweka. Magawo ake ndi anayi omwe aja, koma kukatentha amawamaliza pa mwezi umodzi wokha. Akachuluka ufa umanunkha ndipo nsima yake sikoma.

Nali tsono phunziro lalikulu. Sefa imagwira mphutsi ndi zikumbu, koma mazira ambiri amadutsa chifukwa ndi aang'ono, ndiponso ufa umawamatirira moti saoneka. N'chifukwa chake ufa wosefa bwinobwino umachitanso mphutsi pakapita masabata ochepa. Choncho mukasefa, yanikani ufawo padzuwa lamphamvu, moumwaza pamphasa. Sungani m'ndowa youma yotseka bwino. Musathire ufa watsopano pa wakale, ndipo thumba lakale lichapeni musanaligwiritsenso ntchito. Gayitsani wokwanira mwezi umodzi kuti uthe mazira asanasanduke zikumbu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikupemphani anzanga kuti mutenge mphutsi zingapo, muziike m'botolo momwe muli madeya, mutseke ndi kansalu, ndipo muziyang'anamo tsiku ndi tsiku. Magawo onse anayi mudzawaona ndi maso anu.