CINYONTHO PA KHOMA: YAMBANI MWAFUFUZA

Kuwerenga: Levitiko 14:33-48

M'ndime iyi mwini nyumba akaona mawanga pa khoma anali kuitana wansembe. Wansembe sanali kuthamangira kugumula. Anali kuyang'ana, kutseka nyumba masiku 7, ndi kubweranso kudzaona ngati nthenda yafalikira. Ifenso tisanagule penti, tidziwe kumene cinyontho cicokera, pakuti penti wopakidwa pa khoma lonyowa amatupa ndi kusupuka. Cuku ca pa khoma cimabweretsa cifuwa ndi kukulitsa mphumu, makamaka kwa ana ndi okalamba.

1. Cocokera pansi. Cimayambira m'munsi mwa khoma ndipo kawirikawiri sicipitirira mita imodzi. Pulasitala amafumbutuka ndipo pamaoneka zoyera ngati mcere. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa popanda pulasitiki pa maziko. Onani kunja ngati dothi kapena maluwa zaunjikana pa khoma, kapena ngati madzi a padenga amaima pomwepo.

2. Cocokera ku mvula. Banga limakhala m'mwamba kapena pafupi ndi zenera, limakula mvula ikagwa ndi kuuma m'cilimwe. Funani malata obooka, misomali yadzimbiri ndi ming'alu.

3. Paipi yodontha. Khoma la ku bafa kapena ku khichini likakhala lonyowa ngakhale mu Okutobala, tsekani mipopi yonse. Mita ya madzi ikapitiriza kuyenda, pali podontha.

4. Nthunzi ya m'nyumba. Mu Juni ndi Julayi timatseka mazenera, kuphika ndi kuyanika zovala m'kati. Nthunzi imasanduka madzi pa khoma lozizira, ndipo cuku cakuda cimamera m'ngodya ndi kuseri kwa kabati. Tsegulani mazenera. Kumbukiraninso kuti mbaula m'cipinda cotseka imapha.

Kuyesa kosabvuta: matani pulasitiki pa khoma ndi selotepi mbali zonse zinai, nimudikire masiku 2. Madzi akakhala pamwamba pa pulasitiki, ndi nthunzi ya m'nyumba. Akakhala kunsi kwace, acokera m'khoma. Mukadziwa gwero, konzani pomwepo, khoma liume, penti pambuyo.

Miyambo 14:1 itikumbutsa kuti kumanga nyumba ndi nchito ya mkazi wanzeru. Nzeru imeneyi iyamba ndi maso openyetsetsa.

Zokambirana:
(a) Kodi mu mpingo wathu muli amasiye kapena agogo ogona m'nyumba zonyowa? Cigwirizano cingawathandize bwanji mvula isanayambe?
(b) Ndi zinthu ziti m'mabanja athu zimene timangopakapo penti osakonza gwero lace?