Mwapuma pa Ntchito, Koma Musasiye Kucheza

Kapepala aka n'ka abambo ndi amayi amene apuma pa ntchito kapena atsala pang'ono kupuma, komanso ka ana ndi adzukulu amene akukhala nawo.

Zimene ambiri sakonzekera

Ogwira ntchito m'boma la Malawi amapuma akakwanitsa zaka 60. Ambiri amakonzekera za penshoni, za nyumba ndi za munda, koma ndi ochepa amene amadzifunsa kuti azidzacheza ndi yani. Pa ntchito anzako umawapeza osawafunafuna. Mumaonana m'mawa uliwonse, mumadyera limodzi nkhomaliro, mumasonkherana pa maliro. Ntchito ikatha, zonsezi zimatha tsiku limodzi. Foni imene inkalira kosalekeza imangoti zii.

Zimawawa kwambiri kwa amene atuluka m'nyumba ya boma kubwerera kumudzi komwe adachokako kalekale. Anzawo a paubwana ena adamwalira, ena adasamuka, ndipo otsalawo amachita nawo manyazi, amangowapatsa moni wa patali ngati abwana. Munthu akhoza kukhala pa khomo podzaza adzukulu koma osapeza woti akambe naye zakukhosi.

Kusungulumwa kumadwalitsa

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu wachikulire mmodzi mwa anayi alionse amakhala motalikirana ndi anthu, ndipo chaka chomwecho lidakhazikitsa komiti yapadera yoona za vutoli. Kusungulumwa kwa nthawi yaitali kumawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko, shuga, kuvutika maganizo ndi matenda oiwalaiwala. Njira yake ndi yosabisika. Wosowa kopita amangokhala pa mpando tsiku lonse. Chakudya sichimukomera, tulo sabwera, ena amayamba kumwa mowa m'mawa. Akaiwala kumwa mankhwala a BP palibe womukumbutsa, akayamba kuwonda palibe woti amuuze kuti tiyeni kuchipatala. Akuluakulu adanena kale kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Chitani izi

Pangani tsiku. Mawu akuti "tidzaonana" sakumanitsa anthu. Gwirizanani ndi mnzanu kuti Lachiwiri lililonse masana muzisewera bawo, kapena Loweruka muzipitira limodzi kumsika. Tsiku lodziwika limakudzutsani ngakhale mutagwidwa ndi ulesi, ndipo mukapanda kubwera pamakhala wofunsa kuti kodi lero kwagwanji.

Lowani m'gulu limene limakumana kawirikawiri: Mvano, Dorika, mphakati, kwaya, gulu la kumzikiti, banki m'khonde, kalabu ya ulimi, komiti ya sukulu kapena ya mjigo. Musadikire kuitanidwa, ndipo mukafika musafulumire kufuna udindo. Amene adali mkulu pa ntchito amavutika kukhala membala wamba, koma anthu amamasuka ndi munthu amene amafunsa ndi kumvetsera. Luso lanu lidzafunika lokha. Mphunzitsi wopuma angathandize ana kuwerenga, amene ankagwira za ndalama angalembe mabuku a gulu.

Musasankhe a msinkhu wanu okhaokha. Mnzanu wa zaka 40 ndi amene angakuperekezeni kuchipatala pa njinga.

Yendani ndi mnzanu. Achikulire amalangizidwa kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kwa mphindi 30 masiku 5 kumakwanira.

Anzanu akale a kuntchito aimbireni inuyo, musawerenge kuti adaimba komaliza ndani.

Chenjerani ndi ndalama

Ndalama za penshoni zikangotuluka, anzanu amachuluka. Ena mwa iwo amatha pamodzi ndi ndalamazo. Ngongole yaphanso maubwenzi ambiri enieni, chifukwa wobwereka akalephera kubweza amayamba kukuzembani. Ngati mnzanu wavutika, mpatseni zochepa zimene simudzazifunanso. Kukana mwaulemu kuli bwino kuposa kudana pambuyo pake.

Thupi likamakulepheretsani

Ena amasiya kupita pagulu chifukwa samva bwino ndipo atopa n'kunena kuti "mwati bwanji?" Ena saona bwino, ena mkodzo umawavuta kuugwira ndipo akuopa kuchita manyazi. Musangoti ndi ukalamba. Ng'ala imachotsedwa kuchipatala munthu n'kuyambanso kuona, ndipo mavuto ambiri a makutu ndi a mkodzo ali ndi chithandizo. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena dokotala.

Kwa ana ndi adzukulu

Agogo si mlonda wa pa nyumba. Kuwasiyira ana ndi makiyi tsiku ndi tsiku n'kuwatsekera kwa anzawo, ngakhale mukuwadyetsa bwino. Apatseni mpata ndi ndalama ya minibasi apite ku maliro, ku ukwati ndi ku mapemphero. Agulireni mayunitsi, aphunzitseni modekha kutumiza mawu pa WhatsApp. Ngati muli ku Johannesburg kapena kwina kutali, ndalama zimene mumatumiza n'zofunika, koma imbaninso foni yongocheza, ndipo afunseni kuti sabata ino aonana ndi yani.

Musalole kuti wachikulire wokhala yekha kapena woiwalaiwala azinenedwa ufiti. Kuiwala ndi kusokonezeka mutu ndi matenda, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino.

Pitani nawo kuchipatala mukaona izi

Akhala osasangalala kwa masabata awiri kapena kuposerapo, asiya zimene ankakonda, sakudya, sakugona, sakusamba, kapena ayamba kumwa mowa kwambiri. Akamanena kuti "bola kufa" kapena "ndine mtolo kwa inu", musawasiye okha ndipo musadikire mawa. Matenda a maganizo amachizika.

Ngati pafupi nanu pali wachikulire amene simunamuone panja masiku angapo, pitani mukaodire lero.