Kodi ndingapange laser yam'manja ndekha?

Funso: Ndikuphunzira kukonza mawailesi ku Senga Bay. Ndikufuna kupanga laser yam'manja ndi diode ya m'makina akale olembera DVD. Ndiyambire pati?
Wophunzira, Salima

Yankho: Achimwene, diode imeneyo isiyeni. Imatha kupitirira 200 mW, pomwe laser wamba yolozera zinthu siyenera kupitirira 5 mW. Kuwala kwa diode imeneyo kumawotcha mkati mwa diso musanaphethire n'komwe, ndipo nthawi zambiri chilonda chake sichipola.

Yambani ndi module yofiira ya 650 nm, ya 1 mW, yokhala kale ndi driver yoletsa magetsi kuchuluka. Ilumikizeni ku mabatire awiri a AA ndi switchi.

Musaloze munthu, ndege kapena panyanja, chifukwa madzi amabweza kuwala m'maso mwa asodzi a usipa. Diso lilibe sipeya, lisamaleni.