Ulendo wa ku Lilongwe ndi ana

Mayi athu a ku Lirangwe, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwati mukufuna kupita ku Lilongwe ndi ana patchuthi cha Khirisimasi. Matikiti a basi mugulire nthawi ikadalipo, chifukwa mu Disembala mipando imatha msanga. Mufunsenso ngati basiyo ingakutengereni pa Lirangwe pomwepo, poti msewu wa M1 wodzera ku Zalewa umadutsa kwanuko. Ndege ya pa Chileka ndi yachangu, koma kwa banja lonse thumba lingabooke.

Za kogona, imbani foni mufunse chipinda cha banja, kadzutsa ngati ali pamtengo womwewo, komanso neti yoteteza udzudzu. Chonde mayi, musatumize ndalama pafoni kwa munthu wosamudziwa. Mukafika ku Lilongwe, anawo akaoneko chiliza cha Kamuzu ndi Nyumba ya Malamulo. Muyende bwino!